Morphine amene ubongo umadzipangira wokha

Odwala khansa ululu ukawafika posauzana, achipatala amawapatsa morphine, mankhwala ochokera ku utomoni wa duwa lotchedwa poppy. Kwa zaka zambiri akatswiri sankamvetsa chifukwa chimene utomoni wa duwa umagwirira ntchito bwino chonchi mu ubongo wa munthu.

Mu 1973, Candace Pert ndi Solomon Snyder a payunivesite ya Johns Hopkins ku America anapeza kuti maselo ena a mu ubongo ali ndi timalo tapadera timene morphine amamatirirapo. Timaloti tili ngati loko, koma loko sakhala wopanda kiyi wake, ndipo thupi silingapange loko n'kumadikira kiyi wa m'duwa. Ku Aberdeen, ku Scotland, John Hughes ndi Hans Kosterlitz anasakasaka mu ubongo wa nkhumba, ndipo mu 1975 analengeza kuti apeza ma enkephalin awiri. Ndi tizinthu ting'onoting'ono tofanana ndi mapuloteni, kalikonse kali ndi ma amino acid asanu okha. Totere ndi timene amati ma peptide.

Munthu akaponda munga, uthenga umayenda m'minyewa kukafika mumsana. Kumeneko nsonga ya mnyewa imalavula mankhwala ouza mnyewa wotsatira kuti upititse uthengawo ku ubongo. Mwa mankhwalawo muli peptide ina, substance P, imene Ulf von Euler ndi John Gaddum anaitulukira kale mu 1931. Enkephalin ikamatirira pansonga ija, mankhwala olavulidwawo amachepa, ndipo ululu umafika ku ubongo utafooka. Morphine amangolanda malo a enkephalin. Kusiyana kwake n'kwakuti enkephalin thupi limaiphwanya msanga, pamene morphine amakhalitsa kwa maola, n'chifukwa chake kuchipatala amadalira wa m'duwayo.

Chochititsa chidwi kwambiri, kwa ine, chinachitika ku San Francisco mu 1978. Jon Levine, Newton Gordon ndi Howard Fields anapatsa anthu ozulidwa mano jakisoni wopanda mankhwala enieni, ndipo ena mwa iwo ululu unawachepadi. Anthu otere timafulumira kuwanena kuti ankangodzinamiza. Koma atawabaya naloxone, mankhwala otseka timalo ta morphine tija, ululu unabwereranso. Kungoyembekezera kuti athandizidwa kunali kutachititsa ubongo wawo kutulutsa mankhwala akeake opha ululu.