Bawuti wotchipa agoneka pikiapu panjira

Nyengo ya manachesi ikafika ku Mwanza, mapikiapu sapuma. Amatsika zitunda za ku Thambani ndi ku Kunenekude atasenza madengu mpaka kumwamba, kumbuyo kuli pansi ngati bakha, kuthamangira msewu wa M6 wopita ku Zalewa ndi ku Blantyre.

Gawo lalikulu la katunduyo limatsamira pa ekiselo ya kumbuyo, pomwe pali difu, chitsulo chonga mphika chija chokhala pakati pa matayala a kumbuyo. Ntchito yake ndi kulandira mphamvu yochokera ku injini n'kuigawira matayala awiriwo.

Pa magalimoto ngati Toyota Hilux, chomwe chimagwira difu ndi ekiselo yake ku masipuling'i ndi mabawuti anayi okha opindika ngati chilembo cha U.

Eni galimoto ambiri akafuna kuti izinyamula zochuluka amawonjezera tsamba limodzi kapena awiri pa sipuling'i. Apa mabawuti akale amafupika, ndipo m'pomwe vuto limayambira. Wina amangotola bawuti aliyense wolowa pabowo, wina amapindisa chitsulo chomangira nyumba n'kuchidulira mazinga.

Chonsecho bawuti amanena yekha mphamvu zake. Pamutu pa bawuti wowongoka pamakhala manambala. Wa 4.6 ndi wofewa, woyenera pageti kapena pabedi, ndipo mphamvu yake ndi theka chabe la wa 8.8. Pansi pa galimoto amayambira pa 8.8, ndipo malo ena amafuna 10.9. Wopanda chizindikiro chilichonse ndi wokayikitsa ngakhale anyezimire chotani.

Koma nambala yaikulu si mankhwala a zonse. Wa 12.9 ndi wouma kwambiri, moti dzimbiri likamulowa amatha kuduka mwadzidzidzi osayamba wapindika. Natinso imayenera kufanana mphamvu ndi bawuti wake.

Palinso nkhani ya mazinga. Magalimoto a ku Japan, omwe ndiwo adzaza m'misewu ya dziko lino, amakonda mazinga othithikana, monga M12 wa 1.25, pomwe ambiri a m'mashopu a zipangizo zomangira ndi otalikirana, a 1.75. Nati ikakana kulowa ndi zala, kuikakamiza ndi sipanala ndi kungopha mazingawo.

Kumanga kwake nakonso kuli ndi mwambo. Manati a mabawuti a U amamangidwa mopingasa, pang'onopang'ono, kufikira mlingo wolembedwa m'buku la galimotoyo, ndipo chida chake ndi torque wrench. Chizolowezi chosomeka paipi ku sipanala n'kudumphirapo chimatamula bawuti, ndipo wotamuka sabwereranso mwakale. N'chifukwa chake opanga masipuling'i amalangiza kuika mabawuti a U atsopano nthawi iliyonse akamasulidwa, ngakhale thumba la mwini galimoto nthawi zambiri limatsutsa.

Mabawuti odutsa m'mabushi a labala amamalizidwa galimoto itatsitsidwa pajeke, apo ayi labalayo amapotoka n'kung'ambika msanga.

Galimoto ikayenda maulendo angapo oyamba ili ndi katundu, masamba a sipuling'i amakhazikika ndipo manati amakhwepa, choncho amafunika kuwakunganso. Akalekereredwa, kabawuti ka pakati pa sipuling'i kamadulika, ekiselo n'kusuntha mbali imodzi, galimoto n'kumayenda cham'mbali ngati nkhanu. Zikafika poipa paipi ya mabuleki imathothoka, ndipo pa mtsetse wa ku Neno imeneyo si nkhani ya manachesi okha, poti pamwamba pa madengu pamakhalanso eni ake.