Tizilombo ta tsiku limodzi tili ndi mbiri yaitali

Asodzi a ku Metangula ndi ku Cóbuè amaudziwa bwino utsi wa nkhungu umene umafuka pa Nyanja ya Niassa. Zochuluka mu utsiwo ndi tizilombo tonga udzudzu, koma m'nyanjamo mulinso kena ka mapiko opyapyala ndi michira yonga ulusi, ka mtundu umene pa Chipwitikizi amati efémera. M'chaka cha 1879 katswiri wa ku Mangalande, Alfred Eaton, anakatcha Caenis kungu potengera dzina la nkhungu.

Padziko lapansi pali mitundu ya efémera yoposa 3,000. Kamakulira m'madzi, ndipo kakamera mapiko kamafundulanso kamodzi, chinthu chimene tizilombo tina sitichita. Kakakula sikadya. Ntchito yake ndi kukwerana ndi kuikira mazira basi, ndipo pakatha tsiku limodzi kapena awiri kamafa. Komatu zizindikiro za makolo ake zimapezeka m'miyala ya zaka zoposa 300 miliyoni.

Nanga akatswiri amadziwa bwanji chibale cha mitundu yonseyi? M'thupi mwa chamoyo muli timaselo, ndipo m'timaselomo muli tizigawo topanga mphamvu totchedwa mitokondriya. Tizigawoti tili ndi malangizo akeake a chibadwa, amene mwana amatengera kwa mayi yekha, monga momwe mbumba ya Achewa imatsatira kuchikazi. Mwa efémera malangizowa amakhala ndi zilembo pafupifupi 15,000 ndipo kawirikawiri amagawika magawo 37. Mitundu imene zilembo zake zikufanana kwambiri ndiyo inasiyana posachedwa.

Akatswiri a ku China anawerenga zilembo zonse za mtundu wina, Parafronurus youi, m'chaka cha 2008, ndipo kuyambira pamenepo mitundu yambiri yawerengedwa. Ntchitoyi ikuthandiza pa mtsutso wakale wakuti kodi efémera ndi tombolombo ndi pachibale chenicheni kapena ayi.

Nkhaniyi ikukhudzanso mlimi ndi msodzi. Ana a tizilomboti ndi chakudya cha nsomba, ndipo mitundu yambiri sipirira madzi oipa. Munthu akatembenuza mwala mumtsinje napeza tianato tikuthawa, adziwe kuti madziwo akadali abwino. Koma anthu akamatsukira mumtsinje zopopera mankhwala a fodya ndi thonje, tizilomboti timayamba kutha, kenaka nsomba nazo zimachepa. Choncho alimi ayenera kutsukira zipangizo zawo kutali ndi madzi.