Inshuwaransi ya Ngongole ya Nyumba ndi Munthu Wodzilemba Yekha Nchito

Kumadzulo kwa tauni ya Kafue, m'mbali mwa mtsinje, kuli mudzi wa Chanyanya, kumene mabwato amakoceza m'mamawa ndi nsomba zopita ku misika ya Kafue ndi Lusaka. Anthu ambiri a kumeneko salandira malipiro a pamwezi. Ena ndi asodzi, ena amagula nsomba ndi kukagulitsa, ena amalima, ndipo ena ali ndi timasitolo tao. Pakati pao palinso amene anagwirapo nchito m'migodi kapena m'mafakitale, ndipo atapuma anagula bwato ndi maukonde. Nkhani ino ikhudza anthu otere, ndiponso onse a m'migodi ndi m'matauni amene aganiza zodzasiya nchito yolembedwa kuti ayambe yaoyao.

Ngongole ndi cikole cace

Munthu akafuna kumanga kapena kugula nyumba, ndipo ndalama zace ziri zosakwanira, amapita ku banki, kapena ku Zambia National Building Society, bungwe limene linakhazikitsidwa m'caka ca 1970 kuti lithandize anthu kupeza nyumba. Wobwereketsayo amasunga cikalata ca malo monga cikole. Cifukwa cace malo a mfumu, amene alibe cikalata ca Boma, kawirikawiri salandiridwa. Cofunika ndi cikalata conga cija ca zaka 99. Ngati munthu aleka kubweza, wobwereketsa ali ndi mphamvu yopita ku bwalo la milandu kuti nyumbayo igulitsidwe.

Pofuna kuchinjiriza ndalama zace, wobwereketsa amafuna kuti wobwereka akhale ndi inshuwaransi. Ili ndi pangano lakuti munthu apereka ndalama pang'ono nthawi ndi nthawi, ndipo tsoka lochulidwa m'panganomo likagwa, kampani ya inshuwaransi ilipira. Mapangano a pa nyumba ali a mitundu itatu. Loyamba ndi la nyumba yeniyeniyo, ikapsa ndi moto. Laciwiri ndi la moyo: wobwereka akamwalira kapena kupunduka kotheratu, kampani imaliza ngongole yotsala, ndipo mkazi wamasiye ndi ana sathamangitsidwa. Lacitatu ndi lolipira gawo la pamwezi kwa nthawi yowerengeka, pamene munthu adwala, wapweteka, kapena wacotsedwa nchito. Mapangano awiri oyambawo athandiza msodzi monga athandiza kalaliki. Bvuto ligona pa lacitatu.

Pamene pagona bvuto

Munthu wa pa mgodi akacotsedwa nchito cifukwa cakuti kampani yacepetsa anchito, amalandira kalata yonena zimenezo. Kalata imeneyo ndiyo umboni umene a inshuwaransi afuna. Koma msodzi wa ku Chanyanya adzamlembera kalata yotere ndani? Iye ndiye bwana, ndipo iye yemweyo ndiye wanchito.

Caka ciri conse Boma limaletsa usodzi pa Kafue kuyambira pa 1 December kufikira kutha kwa February, kuti nsomba ziswane. Miyezi itatu imeneyo msodzi sapeza ndalama, koma ngongole siima. Akapita kukapempha thandizo, angauzidwe kuti sanacotsedwe nchito, ndiponso kuti ciletsoco cinali codziwika kale asanasaine, pakuti inshuwaransi ilipira tsoka losayembekezeka, osati cinthu cobwera caka ndi caka. Momwemonso m'caka ca 2024, pamene cirala cinacepetsa madzi ndipo magetsi anali kuzima maora ambiri, ometa tsitsi ndi amisiri a zitsulo anakhala manja lende. Malonda anafa, koma kucepa kwa malonda sikuwerengedwa ngati kucotsedwa nchito.

Palinso msampha wina wa munthu wa pa mgodi. Iye angatenge ngongole ndi inshuwaransi ali pa nchito, ndipo patapita zaka nasiya mwa kufuna kwace kuti ayambe malonda. Ngati sauza kampani za kusinthako, adzapitiriza kulipira gawo la pangano limene silimkhudzanso.

Zimene zinacitika ku Britain

Kuti cinthu ici cimveke bwino, nkofunika kuona zimene zinacitika ku Britain, kumene inshuwaransi yotere inachedwa PPI. Mabanki anaigulitsa kwa anthu mamiliyoni ambiri, makamaka pakati pa 1990 ndi 2010, pamodzi ndi ngongole za nyumba ndi ngongole zina. Ambiri mwa oigula anali odzilemba okha nchito, opuma nchito, kapena odwala kale, amene mau a m'pangano anawatsekera kunja. Wodzilemba yekha, kuti alandire kanthu pa gawo la ulova, kawirikawiri anayenera kusonyeza kuti malonda ace atsekedwa kotheratu. Ena anauzidwa kuti popanda inshuwaransiyo ngongole sadzaipeza, pamene sizinali conco. Ena sanadziwe nkomwe kuti aigula.

M'caka ca 2005 bungwe lothandiza anthu wamba la Citizens Advice linapereka dandaulo lalikulu ku Boma. Mabanki anayesa kukana malamulo atsopano a kaweruzidwe ka madandaulo, koma mu April 2011 bwalo lalikulu la ku London linawagonjetsa. Pambuyo pace panadza mlandu wa Mai Susan Plevin. Iwo anabwereka mapaundi 34,000 m'caka ca 2006, ndipo pamwamba pace anawaonjezera mapaundi 5,780 a inshuwaransi. Cimene sanauzidwe ndi cakuti magawo 71.8 mwa 100 a ndalama ya inshuwaransiyo anali komishoni ya wobwereketsa ndi mkhalapakati. Mu November 2014 bwalo lalikulu koposa onse linaweruza kuti kubisa komishoni yaikulu cotero kunali kosalungama. Tsiku lotsiriza lopereka madandaulo kwa mabanki linali 29 August 2019, ndipo ndalama zimene zinabwezedwa kwa anthu zinaposa mapaundi mabiliyoni 38.

Tsono phunziro lace ndi ili: wogulitsa amene alandira komishoni pa pangano liri lonse angayesedwe kugulitsa ngakhale kwa munthu amene silimuyenera. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma malamulo ndi malipiro a ku Britain sagwira nchito m'Zambia. Kuno munthu ayenera kutsata njira za kuno.

Zofunsa asanasaine

Munthu wodzilemba yekha nchito ayenera kunena poyera kuti iye ndi msodzi, telala kapena wamalonda, ndi kuonetsetsa kuti kalaliki walemba zomwezo pa pepala. Asalole kulembedwa ngati wolandira malipiro a pamwezi kuti ngongole ituluke msanga, pakuti mau onama pa pepala apatsa kampani cifukwa cokanira kulipira, ngakhale pa imfa.

Atatero afunse mafunso awa. Kodi pangano ili lilipira pa tsoka lotani, ndipo likana pa lotani? Kodi munthu wopanda bwana adzabweretsa umboni wotani? Kodi padzapita masiku angati kampani isanayambe kulipira, ndipo idzalipira miyezi ingati? Nanga matenda amene munthu anali nao kale awerengedwa bwanji? Kodi mbali iti iri yokakamiza, ndipo iti munthu angaikane? Kodi aloledwa kugula inshuwaransi ku kampani yina yobvomerezeka?

Afunsenso za kalipiridwe. Nthawi zina ndalama yonse ya inshuwaransi imaikidwa kamodzi pamwamba pa ngongole, ndipo imabala ciongoladzanja pamodzi nayo. Mwa citsanzo, ngati ndalamayo iri K6,000, ndipo ciongoladzanja ciri 20 pa 100 pa caka, munthu angataye pafupi K1,200 m'caka coyamba cokha cifukwa ca inshuwaransiyo. Nkoyenera kudziwanso ngati gawo lina lidzabwezedwa ngongole ikatha msanga.

Wosadziwa bwino Cingerezi apite ndi mwana kapena mnansi wodziwa kuwerenga, ndipo apemphe kutenga pepalalo kunyumba asanaikepo dzina kapena cala. Palibe manyazi pa kufunsa. Safunsa anadya phula.

Kumene munthu angadandaule

Munthu akaona kuti anamgulitsa pangano losamuyenera, ayambe wasonkhanitsa mapepala onse: pangano la ngongole, cikalata ca inshuwaransi, ndi malisiti. Kenaka alembe kalata kwa amene anamgulitsa, yonena tsiku limene anagula, nchito imene anali kugwira nthawiyo, mau amene anauzidwa, ndi cimene afuna kuti cicitike. Asunge kope la kalatayo, pakuti dandaulo la pakamwa lisowa mboni.

Ngati yankho silibwera, kapena silimkhutiritsa, pali maofesi atatu. Pensions and Insurance Authority, ku Lusaka, ndiyo iyang'anira makampani a inshuwaransi monga mwa lamulo la inshuwaransi la caka ca 2021, ndipo imalandira madandaulo. Bank of Zambia iyang'anira mabanki ndi mabungwe ena obwereketsa ndalama. Competition and Consumer Protection Commission isunga lamulo la caka ca 2010, limene liletsa wamalonda kunamiza wogula.

Koma pa nthawi yonse ya dandaulo munthu asaleke kubweza ngongole mwa iye yekha, pakuti mlandu wa inshuwaransi suimitsa mlandu wa nyumba. Ndipo asafulumire kutaya pangano lonse cifukwa ca mkwiyo. Gawo la moyo liri la mtengo wapatali kwa msodzi, amene tsiku ndi tsiku amayenda pa madzi a ng'ona ndi mvuu. Cofunika ndi kucotsa gawo lokhalo limene silingamlipire.

Za miyezi itatu ya ciletso, thandizo lenileni ndi kusunga. Msodzi wanzeru amapatula kanthu m'miyezi ya nsomba, kapena amapangana ndi wobwereketsa pa ciyambi pomwe kuti kabwezedwe katsate nyengo ya nchito yace. Akatero, December akafika bwato lidzagona pamtunda, koma banja lidzagonabe m'nyumba yace.