Kukonzanso timu ya hockey kumafuna utsogoleri wabwino, osati osewera okha

Mu ligi ya National Hockey League (NHL) ya ku America ndi Canada, momwe matimu 32 amasewera hockey ya pa madzi oundana, timu yomaliza pansi situluka mu ligi monga zimachitikira mu mpira wamiyendo kuno kwathu. M'malo mwake, timu yotereyi imakhala ndi mwayi waukulu pa mayere osankha yoyamba kutenga anyamata aluso a zaka 18. Ichi n'chifukwa chake matimu ena amagulitsa dala osewera akuluakulu n'kulolera kugonja zaka zingapo pofuna kuyambiranso.

Komabe njirayi siphula kanthu ngati akuluakulu oyendetsa timu sakudziwa ntchito yawo. Timu ya Edmonton Oilers inasankha yoyamba mu 2010, 2011, 2012 ndi 2015, koma inakhala zaka khumi, kuyambira 2007 mpaka 2016, osafika mu ndime ya chipulumutso, uku ikusintha aphunzitsi pafupipafupi.

Nkhani ya Chicago Blackhawks ndiyo ikuonetsa bwino mbali zonse za nkhaniyi. Pakati pa 1998 ndi 2008, timuyi inafika mu ndime ya chipulumutso kamodzi kokha, mu 2002. Mwini wake, Bill Wirtz, ankakana kuti masewero a pakhomo azionetsedwa pa wailesi yakanema ya m'deralo poganiza kuti anthu aleka kugula matikiti. Zotsatira zake zinali mipando yopanda anthu m'bwalo la United Center.

Wirtz atamwalira mu Seputembala 2007, mwana wake Rocky anatenga udindo ndipo posakhalitsa masewero anayamba kuonetsedwa. Iye analembanso John McDonough, yemwe ankayendetsa timu ya baseball ya Chicago Cubs, kukhala pulezidenti wa timuyi. Nthawiyo n'kuti timuyi itasankha kale Jonathan Toews mu 2006 ndi Patrick Kane mu 2007, kuwonjezera pa otchinga kumbuyo Duncan Keith ndi Brent Seabrook omwe inawatenga mu 2002 ndi 2003. Mu Okutobala 2008, patangotha masewero anayi, akuluakuluwa anachotsa mphunzitsi Denis Savard n'kuika Joel Quenneville. Mu 2010 timuyi inatenga chikho cha Stanley Cup koyamba chitengereni mu 1961.

Apa m'pamene ntchito yeniyeni inayambira. Chiyambire 2005, NHL ili ndi lamulo loika malire a ndalama zomwe timu ingalipire osewera ake onse pamodzi, ndipo chaka choyambacho malirewo anali madola 39 miliyoni. Osewera akachita bwino amafuna malipiro okwera, choncho timu yopambana imakakamizika kutaya ena. Chikho chisanazizire n'komwe, mkulu woyendetsa timuyi, Stan Bowman, anagulitsa Dustin Byfuglien ndi Andrew Ladd ku Atlanta komanso Kris Versteeg ku Toronto, ndipo goloboyi Antti Niemi anamuleka apite. Iye anasunga msana wa timu n'kumadzaza mipata ndi anyamata a malipiro ochepa. Chikho chinabwereranso ku Chicago mu 2013 ndi 2015.

Kwa zaka zambiri, anthu ankatchula Chicago ngati chitsanzo cha kayendetsedwe kabwino. Mbiriyi inagwa mu Okutobala 2021 pamene lipoti la kampani ya maloya ya Jenner & Block linatuluka. Lipotilo linapeza kuti mu Meyi 2010, timuyi ili kalikiliki kulimbirana chikho, akuluakulu ake anamva dandaulo loti mmodzi wa othandizira aphunzitsi anachitira wosewera wina nkhanza zogonana, koma sanachitepo kanthu kwa masabata atatu mpaka mpikisano utatha. NHL inalipitsa timuyi chindapusa cha madola 2 miliyoni, Bowman anatula pansi udindo, naye Quenneville anasiya ntchito ku Florida Panthers komwe ankaphunzitsa. N'zovuta kunena kuti anthu omwe anaika chikho patsogolo pa chitetezo cha mnyamata wawo anayendetsa bwino timu, ngakhale zikho zitatuzo zilipo.

Pofika nthawiyo timuyi inali itafooka kale, chifukwa ndalama zambiri zinali zitamangika m'makontirakiti aatali a osewera okalamba. Kyle Davidson, yemwe analowa m'malo mwa Bowman, anayambanso ntchito yogumula ndi kumanga. Mu 2023 Kane anagulitsidwa ku New York Rangers, Toews anasewera masewero ake omaliza ndi timuyi, ndipo Chicago inapata mwayi wosankha yoyamba n'kutenga Connor Bedard. Mnyamatayu anapatsidwa mphoto ya wosewera watsopano wopambana mu 2024, koma chaka chimenecho komanso mu 2025 timu yake inamaliza yachiwiri kuchokera pansi pa ligi yonse.