Mtima ukamathamanga, funsaninso mapapo

Kuno kwathu munthu mtima ukayamba kugunda mothamanga timangoti "ndi BP imeneyo". Ine ndikuti ayi abale, si nthawi zonse. Pali vuto lina limene madokotala amalitchula kuti multifocal atrial tachycardia, mwachidule MAT, lomwe linalembedwa bwino m'chaka cha 1968, ndipo limakonda kugwira agogo athu a chifuwa chosatha.

Mtima uli ndi zipinda zinayi. M'chipinda cham'mwamba chakumanja muli kamalo kamodzi kotsogolera kugunda konse, monga woyimba ng'oma yaikulu pa gule. Pa MAT, malo atatu kapena kuposa apo m'zipinda zam'mwamba amayamba kulamula, aliwonse ndi kayimbidwe kake. Ndiye mtima umagunda koposa ka 100 pa mphindi imodzi, mopanda dongosolo.

Chovuta n'chakuti chala cha namwino pamkono sichingasiyanitse MAT ndi vuto lina lotchedwa atrial fibrillation. Pamafunika makina a ECG, amene amaonetsa papepala kamzere ka P wave kali ndi maonekedwe atatu osiyana. Musati ndi nkhani ya akatswiri okha. Wa atrial fibrillation kawirikawiri amapatsidwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin, penanso amamugwedeza mtima ndi magetsi. Wa MAT magetsiwo samuthandiza, pakuti oyimba aja amangoyambiranso, ndipo warfarin angomuika pachiopsezo chotaya magazi pachabe.

Gwero lake nthawi zambiri lili m'mapapo. Fodya, utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda zenera, chibayo, zonsezi zimachepetsa mpweya wabwino m'magazi, mtima n'kusokonezeka. Kuchepa kwa potaziyamu ndi maginiziyamu kumaonjezera, ndipo mapiritsi okodzetsa monga furosemide amatha kuchepetsa zonse ziwiri. Ngakhale aminophylline, amene ena amalandira pa mphumu, amatha kuyambitsa vutoli.

Choncho dokotala wodziwa ntchito amayamba ndi okosijeni, kuchiza chifuwacho, kubwezeretsa michere ija, ndi kuunikanso mankhwala amene wodwala akumwa. Mtima ukakanirirabe ndi pamene amaganiza za verapamil kapena metoprolol, ngakhale metoprolol amafuna kusamala kwambiri kwa munthu wa mphumu chifukwa amatha kutseka chifuwa.

Kwa ine, chipatala chilichonse cha pa boma chiyenera kukhala ndi ECG yogwira ntchito, pepala lake, komanso munthu wotha kuliwerenga. Ndipo inu operekeza odwala, mukamapita ndi agogo kuchipatala tengani mapiritsi onse amene akumwa, ngakhale ogula pa golosale, dokotala akawaone.