Toci ndi Batire Lace

Makolo athu poyenda usiku anali kunyamula muuni wa udzu kapena cikuni ca moto. Pambuyo pace kunabwera nyali ya palafini, ndipo kenaka kunabwera toci ya mabatire aja amene tiwataya akatha mphamvu, amene ena awacha miyala. Masiku ano m'midzi ndi m'matauni mwafala toci ya mtundu wina, yowala kwambiri. Batire lace likatha mphamvu sitilitaya ai, koma tilichaja, ndiko kunena kuti tilidzazanso mphamvu ndi magetsi kapena ndi sola. M'caka ca 2024, pamene mvula inacepa ndipo madzi anatsika m'nyanja ya Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku ndi tsiku, ndipo ana a sukulu ambiri anawerenga mabuku ao usiku ndi kuunika kwa matoci otere.

Batire la mtundu umenewu dzina lace ndi lithium-ion. Ndi lomwenso liri m'mafoni ndi m'makompyuta. Litithandiza kwambiri, koma munthu akalisunga moipa lingathe kumtentha, kapena kutentha nyumba yonse. Cifukwa cace nkoyenera kuti inu, amene mwakula ndipo mutumidwa ku msika kukagula zinthu zotere, mudziwe m'mene batire linapangidwira ndi m'mene muyenera kulisamalira.

ZA M'KATI MWA BATIRE

M'kati mwa batire muli mapepala awiri aatali a citsulo, opyapyala, opindidwa pamodzi monga tipinda mphasa. Pepala loyamba ndi la aluminiyamu, ndipo lapakidwa mankhwala okhala ndi lithium, citsulo copepuka koposa zitsulo zonse. Kawirikawiri m'mankhwalamo mulinso cobalt, nickel kapena manganese. Pepala laciwiri ndi la mkuwa, ndipo lapakidwa graphite, cinthu cakuda cija ciri m'kati mwa pensulo. Pakati pa mapepala awiriwa pali kapepala ka pulasitiki, kopyapyala koposa tsitsi la munthu, ndipo zonsezi zanyowetsedwa ndi mankhwala amadzimadzi amene agwira moto msanga.

Pamene tichaja batire, tizidutswa ta lithium, tating'ono tosaoneka ndi maso, tisamuka kunka ku mbali ya graphite, kupyola timabowo ta m'kapepala kaja. Pamene tiyatsa toci, tizidutswato tibwerera kwao, ndipo nthawi yomweyo magetsi ayenda kunja kwa batire, napyola m'babu, naliwalitsa.

Taganizirani madzi a m'damu. Akaturuka pang'onopang'ono pa cipata cace agwira nchito yabwino, koma khoma likagumuka, madzi onse aturuka nthawi imodzi, naononga minda ndi midzi. Khoma la batire ndi kapepala kaja. Kakaboola kapena kusungunuka, mapepala awiri a citsulo akhudzana, ndipo mphamvu yonse ituruka nthawi imodzi. Batire litentha, kutenthako kuononga mankhwala, ndipo mankhwala poonongeka aonjeza kutentha, kufikira batire liturutsa utsi ndi malawi, mwina nkuphulika. Malangizo onse amene muwerenge pano alinga pa cinthu cimodzi: kusunga khoma limeneli, ndi kuletsa mphamvu kuturuka pa njira yosayenera.

KUMENE LINACOKERA

Batire ili silinapangidwe ndi munthu mmodzi. Stanley Whittingham anayamba nchitoyi m'zaka za m'ma 1970. M'caka ca 1980 John Goodenough, ali ku Oxford, anapeza kuti mankhwala a lithium ndi cobalt apatsa mphamvu yambiri. Akira Yoshino wa ku Japan anapanga batire losaopsya kwambiri m'caka ca 1985, ndipo kampani ya Sony inayamba kugulitsa mabatire otere m'caka ca 1991. Anthu atatuwa analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 2019. Zina mwa zitsulo zofunika pa nchitoyi zipezeka kuno kwathu ku Africa: mkuwa ndi cobalt ziri m'miyala ya ku Copperbelt ndi ku Congo, ndipo lithium akumbidwa ku Bikita m'dziko la Zimbabwe.

Ngakhale akatswiri alakwitsa nthawi zina. M'caka ca 2016 kampani ya Samsung inaitanitsa mafoni ace a Galaxy Note 7 kuti abwezedwe, cifukwa mabatire ena anali kugwira moto. Tsono ngati anthu ophunzira kwambiri asamala cotero, ife tiyenera kusamala koposa.

KUWERENGA MANAMBALA

Batire lopezeka kwambiri m'matoci lichedwa 18650. Nambala iyi itiuza msinkhu wace: mamilimita 18 m'mimba mwace ndi mamilimita 65 m'litali. Mphamvu yokankha magetsi tiiyesa ndi muyeso wochedwa volti. Batire wamba lotaya liri ndi mavolti 1.5, koma la lithium-ion liri ndi mavolti 3.6 kapena 3.7, ndipo likadzala lifika pa 4.2.

Pano pali msampha. Pali batire lina la lithium-ion, lochedwa 14500, limene msinkhu wace ulingana ndi batire wamba la AA. Lilowa bwino lomwe m'toci ya AA, koma mphamvu yace iposa kawiri, ndipo lingathe kupsereza toci imene sinapangidwire mphamvu yotere. Cotero musanene kuti, popeza lalowa, ndiye kuti ndi lace. Werengani zolembedwa pa toci ndi pa batire.

Nambala ina, yotsatana ndi zilembo mAh, itiuza kuculuka kwa mphamvu imene batire lisunga. Mabatire enieni a 18650 ambiri ali pakati pa 2000 ndi 3600. Mukaona batire la msinkhu womwewo litalembedwa 9900, dziwani kuti wolembayo wanama, ndipo amene anama pa nambala sitingamkhulupirire pa za m'kati.

POGULA

Akulu anati, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mabatire ena ogulitsidwa mochipa ndi akale, ocotsedwa m'makompyuta otha nchito, nabvekedwa cikopa catsopano. Gulani kwa munthu wodziwika, amene mungathe kubwererako batire likabvuta. Liyang'aneni bwino musanapereke ndalama: lisakhale lophwanyika, ladzimbiri, lotupa, kapena long'ambika cikopa.

Kwa munthu woyamba kumene, toci yabwino ndi ya batire limodzi, imene ichajidwa ndi cingwe batire liri m'kati momwemo. Pali mabatire ena okhala ndi kacipangizo kochinjiriza, kamene kadula magetsi batire likadzala kwambiri, likatha kwambiri, kapena mphamvu ikayamba kuturuka molakwika. Awa atalikirapo pang'ono, ndipo mtengo wace ndi wokwera, koma ngati alowa m'toci yanu, ndiwo oyenera ophunzira.

Toci ya mabatire awiri kapena atatu ifuna kusamala kwina. Mabatirewo akhale a mtundu umodzi, ogulidwa tsiku limodzi, ndi ochajidwa pamodzi. Mukaphatikiza lakale ndi latsopano, lofookalo liyamba kutha, ndipo lamphamvu lipitiriza kulikankha kufikira liliononga, monga ng'ombe yamphamvu ikoka inzace yodwala pa goli.

PONYAMULA NDI POSUNGA

Thupi lonse la citsulo la batire ndi mbali ya cizindikiro ca kucotsera, ndipo kamutu kokha ndiko mbali ya cizindikiro ca kuphatikiza. Ku mutu, mbali ziwirizi zayandikana kwambiri, ndipo cimene cizilekanitsa ndi cikopa ca pulasitiki pamodzi ndi kamphete kali pansi pace. Cotero cikopaco si cokometsera ai. Cikang'ambika, lekani kugwiritsa nchito batirelo.

Musaike batire lamaliseche m'thumba pamodzi ndi makiyi, misomali kapena ndalama za citsulo. Citsulo cikakhudza mbali zonse ziwiri, mphamvu ithamangira m'menemo, ndipo posakhalitsa batire litentha kotero kuti liocha cobvala ndi nchafu. Lisungeni m'kabokosi kace ka pulasitiki. Musaliponye pansi, musalimenye ndi mwala, musalilume, ndiponso musayese kulitsegula kuti muone za m'kati. Anthu ena anazolowera kuika miyala ya wailesi pa dzuwa kapena pafupi ndi moto, poganiza kuti mphamvu ibwerera. Mwambo umenewu musauyese pa batire la lithium-ion. Kutentha ndiye mdani wace wamkulu: lisakhale pa malata, pa zenera lowomba dzuwa, pafupi ndi mbaula, kapena m'galimoto yotsekedwa m'mwezi wa October.

Toci yowala kwambiri itentha ku mutu kwace, ndipo ikayaka yokha m'cikwama ingathe kupsereza mabuku. Pa matoci ambiri a citsulo, mukamasula civundikiro ca kumbuyo pang'ono, siyaka kufikira mutamanganso. Ngati simudzagwiritsa nchito batire kwa miyezi, lisungeni pa malo ozizira ndi ouma, liri ndi mphamvu ya theka.

POCHAJA

Ngozi zambiri zioneka pa nthawi yochaja. Gwiritsani nchito chaja yopangidwira mabatire a lithium-ion yokha, pakuti iyo ileka yokha batire likafika pa mavolti 4.2. Musalumikize batire ku sola kapena ku batire la galimoto ndi mawaya okha. Mphamvu ikapyola muyeso, lithium aunjikana namera ngati timinga, ndipo timingato tingathe kuboola kapepala kaja. Musachajenso mabatire otaya, ngakhale ena a iwo alembedwa lithium. Ochajidwa okha ndiwo alowe m'chaja. Onetsetsani kuti mutu wa batire waloza ku cizindikiro cace.

Chajani pa simenti, pa njerwa kapena pa dothi louma, kutali ndi mphasa, bulangeti, palafini ndi udzu wa denga. Musachaje pa khomo lotulukira, pakuti moto ukabuka pamenepo mudzasowa pothawira. Magetsi akabwera usiku, pali ciyeso cakuti tilumikize zonse ndi kukagona. Nkwabwino kuchaja pamene munthu wamkulu ali maso. Batire lofunda pang'ono pochaja siliopsya, koma likatentha kotero kuti dzanja silingathe kuligwira, cotsani chaja ku magetsi msanga.

Kumbukiraninso kuti batire lisamathe mphamvu kotheratu. Toci ikayamba kuwala mofooka, izimitseni ndi kuichaja. Batire likatsika kwambiri pansi pa mavolti 2.5, nkukhala cotero masiku ambiri, mkuwa wa m'kati uyamba kusungunukira m'mankhwala, ndipo kulichajanso kungathe kubutsa moto. Batire lotere musalikakamize kudzuka.

NGOZI IKAONEKA

Batire lobvuta kawirikawiri licenjeza. Litupa, litentha lokha, lidontha, linunkha fungo lacilendo lonzunira, kapena lilira ngati njoka. Mukaona cimodzi mwa izi, itanani munthu wamkulu. Ngati silinayambe kufuka, alinyamule ndi fosholo kapena khasu, nakaliike pa bwalo, pa dothi, kutali ndi nyumba, nkhokwe ndi udzu.

Likayamba kufuka kapena kuyaka, musaligwire. Turutsani ana onse, ndipo musapume utsi wace, pakuti uli ndi ululu. Munthu wamkulu, atazima magetsi, angathe kuthira madzi ambiri kapena mcenga ali patali. Moto ukazima, batire lisiyidwe pa bwalo tsiku lonse, cifukwa lingathe kuyakanso. Munthu akapsya, thirani madzi ozizira oyera pa bala kwa mphindi 20, osapaka mafuta kapena mankhwala otsukira mano, ndipo mupite naye ku cipatala.

Batire lotha nchito musaliponye pa moto kapena m'dzenje la zinyalala limene lidzatenthedwa. Matani tepi ku mbali zace zonse ziwiri, mulisunge pa malo ouma kumene ana sangathe kufika, ndipo akulu afunse kwa ogulitsa kapena ku khonsolo kumene zinthu zotere zilandiridwa.

KULANGIZA ANZATHU

Mwina kwanu ndinu nokha amene mwawerenga phunziro ili. Agogo anu, kapena mng'ono wanu, akalandira toci yatsopano, musawaopsyeze ai, ndiponso musawaseke. Mabatire oculuka agwira nchito zaka zambiri popanda bvuto. Khalani nao pansi, muwaonetse mutu wa batire, cikopa cace, chaja yace, ndi malo abwino ochajira. Woyamba kumene safuna mau ambiri. Muuzeni zinthu zinai izi: batire lisang'ambike, lisakhudzane ndi zitsulo, lisatenthe, ndipo lisachajidwe popanda woliyang'anira. Inunso mukakayika, funsani aphunzitsi anu kapena munthu wodziwa za magetsi, pakuti safunsa anadya phula.

MAFUNSO

1. Kodi kapepala ka pulasitiki ka m'kati mwa batire kagwira nchito yanji?
2. Kodi nambala 18650 itanthauzanji?
3. Cifukwa ninji nkoopsya kuika batire m'thumba pamodzi ndi makiyi?
4. Chulani malo awiri abwino ndi malo atatu oipa ochajirapo toci.
5. Kodi mudzacita ciani batire likayamba kutupa ndi kununkha?
6. Lembani kalata yaifupi kwa mng'ono wanu, kumlangiza za kasamalidwe ka toci yace yatsopano.