Chiwindi ndicho chimayamba kulawa mankhwala

Alangizi a zaumoyo akamagawa mankhwala a likodzo m'sukulu za kwa Mwambo, amalimbikira chinthu chimodzi: mwana adye kaye. Makolo ambiri amati n'chifukwa choopa chizungulire. N'zoona, koma chakudya chimathandizanso kuti mankhwalawo, praziquantel, afike ochuluka m'magazi.

Piritsi likasungunuka m'matumbo, magazi amalitengera kaye ku chiwindi lisanazungulire thupi. Kumeneko ma enzyme amaphwanya gawo lalikulu la praziquantel, ngati mmene wa pachigayo amatapira ufa mwini wake asanasenze thumba. Mankhwala otsalawo ndiwo amakapha nyongolotsi za likodzo, ndipo sakhalitsa: pakangotha ola limodzi kapena awiri, theka lawo limakhala litachoka. N'chifukwa chake mlingo wake ndi waukulu, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi.

Vuto limabwera chiwindi chikayamba changu. Taganizirani msodzi wa pa doko la Kachulu, amene amakhalira m'madzi a nyanja ya Chilwa momwe muli nkhono za likodzo, koma akumwanso mankhwala a TB a miyezi 6. Mwa mankhwalawo muli rifampicin, uja amafiiritsa mkodzo mpaka ena kuganiza kuti likodzo lawabwerera. Rifampicin amachititsa chiwindi kupanga ma enzyme ambiri, ndipo praziquantel wambiri amathera panjira. Pa kafukufuku wa ku Thailand wa mu 2002, mwa anthu 10 amene adayamba amwa rifampicin, 7 sadapezeke ndi praziquantel m'magazi ngakhale pang'ono.

Ma ARV nawo amakhudzidwa. Kuyambira mu 2019 anthu ambiri m'Malawi amamwa okhala ndi dolutegravir, ndipo rifampicin amawachepetsa mphamvu. Wodwala TB ndi HIV pamodzi amapatsidwa piritsi lina la mamiligalamu 50 loti amwe patatha maola 12. Piritsi lowonjezerali si loti "ndimwa ndikakumbukira". LA wa malungo komanso njira yolera yoika pamkono zimafookanso chimodzimodzi.

Chiwindi choonongeka ndi kachasu chimachita zosiyana: chimachedwa kuphwanya, mankhwala n'kuunjikana, moti Panado amene wina amamwa bwinobwino angathe kuchipweteka kwambiri.

Kaya ndi ku chipatala cha Pirimiti kaya ku chipatala chachikulu cha Zomba, dokotala sangaone zonsezi ndi maso. Amadalira bukhu la kuchipatala ndi zimene wodwala wamuuza, kuphatikizapo mankhwala ogula pa golosale, a zitsamba, ndiponso mowa umene amamwa.